Alendo Asanu ndi Awiri

Kuno ku Valdivia mvula siigwa, imakhala.
Imalowa m'khosi mwa jekete, imagona m'nsapato,
moti ungaganize kuti wokonza maambulera
amadya nyama tsiku lililonse.
Ayi ndithu.
Ya mapeso zikwi zitatu ikathyoka nthiti pa mlatho
mwini wake amangoiponya m'bini
n'kugula inzake pangodya.

Bambo anga a Eleodoro atha zaka makumi anayi
akuwongola nthiti zachitsulo
m'kachipinda konunkha dzimbiri ndi nsalu yonyowa.
Ine Fresia ndinati: titsegule khomo lina,
la pa intaneti, lopanda loko.
Iwo osadzutsa n'komwe mutu anati:
khomo losalowa mphepo si khomo.

Usiku ndinkawerenga mapazi.
Lolemba, alendo asanu ndi awiri.
Atatu mwa iwo ndine ndemwe:
pa foni, pa kompyuta, pa foni ya msuweni.
Wina anachokera kutsidya kwa nyanja,
anaima masekondi awiri basi
ngati munthu wolakwitsa nyumba.

Kunabwera Aníbal, mnyamata wa tayi yopyapyala,
nati makina ofufuzira ali ngati galu,
amatsata fungo la mawu.
Ndiye tinawamwaza:
ambulera yotchipa, ambulera yolimba,
ambulera Valdivia, ambulera, ambulera,
mpaka tsamba lathu linachita chibwibwi.
Tinalipiranso kuti dzina lathu liziima patsogolo,
aliyense akadina, ife tilipire.
Anadina ofuna kugula, osati kukonzetsa.
Ndalama za magetsi zinatsikira m'ngalande
pamodzi ndi mvula ya mwezi umenewo.

Lachinayi lina kunalowa mayi wa chipewa chofiira
atakumbatira ambulera yakuda ngati mwana wodwala.
Chigwiriro chake cha mtengo
chinali chitaperepeseka pogwira chala chachikulu.
Inali ya malemu amuna anga, anatero.
Bambo sanatchule mtengo.
Anaika chala chawo m'kadzenje kaja,
anakhala chete kanthawi,
kenako anatenga pulayala.

Ndinapempha mayiyo, ndipo anavomera.
Ndinajambula manja okha:
zikhadabo zakuda, kawaya koluma pamilomo,
nthiti ikubwerera m'malo mwake, kwa!
Usiku ndinasesa mawu onse a Aníbal.
Pansi pa kanemayo ndinalemba mzere umodzi:
Musaitaye ngati inali ya winawake.

Lachisanu, makumi anayi ndi mmodzi.
Lamulungu, mazana atatu.
Ndinathamanga ndi foni m'manja,
Bambo, taonani!
Anavala magalasi, anayang'ana nambala,
anayang'ana pansi pa khomo.
Mazana atatu, anatero,
nanga bwanji pansipa pali pouma?

Ndinalibe yankho.
Sabata yonse belu la pakhomo
linalira kwa wogulitsa buledi yekha.

Kenako wa positi anabwera ndi phukusi lalitali
lochokera ku Punta Arenas,
lomangidwa ndi tepi wambiri ngati mwendo wothyoka.
M'kati munali kakalata ka pensulo:
Ya mayi anga. Mphepo inaitembenuza
tsiku lomwe tinkawaika m'manda.
Ndaona manja anu.

Bambo anaitambasula m'nyumba momwemo,
iwo amene amati kutero n'kuitana tsoka.
Timchenga ta kum'mwera tinayoyokera pa tebulo.
Anatisonkhanitsa ndi m'mphepete mwa dzanja,
osatitaya.
Uyu ndiye mlendo, anatero,
wabwera ndi dothi lakwawo.

Lero nambala yatsika, ili pa khumi ndi zisanu ndi zinayi.
Aníbal walemba kuti akudziwa njira ina, yotchipa.
Sindinamuyankhe.
Pakona pali maphukusi anayi akudikira,
limodzi likudontha,
ndipo bambo akufunsa, nkhope atabisa m'nsalu yakuda,
ngati kanema wa mawa
angasambe kaye m'manja.

Ndati ayi.